Mmene mungachepetsere ndalama za kuchipatala: kusankha khomo, kuwerenga sikimu ndi kufunsa mtengo

Bilu ya kuchipatala imayamba kukula wodwala asanagone n'komwe pabedi. Imakula chifukwa cha khomo lomwe mwalowera, pepala lomwe munasaina osawerenga, ndiponso funso lomwe munachita manyazi kufunsa pakauntala. Mitengo yeniyeniyo simungaisinthe. Mankhwala, magolovesi, zoyezera magazi mu labu ndi zitsulo za makina, pafupifupi zonse zimagulidwa kunja ndi madola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, zipatala zolipira, mafamase ndi masikimu (mabungwe a inshuwalansi ya zaumoyo) zinakweza mitengo. Malawi alibe inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse ngati NHIMA ya ku Zambia, komwe wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake ndipo womulemba ntchito amaonjezerapo 1 peresenti. Kuno kafukufuku wa boma wa za anthu ndi zaumoyo (MDHS) wa 2015-16 anapeza kuti anthu omwe anali pa sikimu sanapitirire awiri pa 100 alionse. Ambirife tikadwala timapisa m'thumba, kotero m'pofunika kudziwa pomwe ndalamayo imatayikira.

Khomo lolowera

Zipatala za boma n'zaulere, kuyambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera, chipatala cha paboma, mpaka zinayi zikuluzikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central ndi Mzuzu Central. Ulerewu uli ndi zolipira zake zobisika: thiransipoti, chakudya cha gadiyani, masiku osagwira ntchito, ndi mankhwala omwe mungauzidwe kuti mukagule nokha chifukwa atha. Ngakhale zili choncho, pali chithandizo chomwe palibe chifukwa cholipirira ndalama zambiri kwina. Ma ARV, mankhwala a TB, katemera wa ana, sikelo ya amayi oyembekezera ndi ya ana, njira zakulera, kuyeza khansa ya khomo la chiberekero, kuyeza malungo ndi mankhwala a LA, zonsezi boma limapereka popanda kulipira. Zipatala za paboma zili ndi masiku a kiliniki ya shuga, bipi, mphumu ndi khunyu. Kusefa magazi kwa odwala impso kumachitika ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central, ngakhale makina ndi ochepa ndipo pamakhala mzere. Amayi a fistula amathandizidwa ulere ku Bwaila, ndipo Beit CURE ku Blantyre imachita maopaleshoni a mafupa a ana opunduka popanda kulipiritsa makolo.

Musathamangire ku chipatala chachikulu musanaonedwe kufupi ndi kwanu, pokhapokha ngati ndi ngozi kapena matenda akayakaya. Ofika opanda kalata yotumizira amabwezedwa kapena kuuzidwa kuti alowere mbali yolipira, ndipo ndalama ya basi imakhala yapita. Yambani pa chipatala cha m'dera, alembe m'buku lanu la kuchipatala zomwe apeza, ndipo ngati akutumizani, funsani tsiku lomwe kiliniki ya vuto lanulo imakhalapo. Madokotala a maso, khungu, mafupa kapena makutu saona anthu tsiku lililonse. Ambiri amawononga ndalama ya ulendo kawiri chifukwa chofika Lachiwiri pomwe kiliniki ndi ya Lachinayi.

Bukulo lisungeni ngati chiphaso cha unzika. Likasowa, mbiri ya matenda anu yasowanso, ndiye kuti akuyezaninso zomwe munayezedwa kale, ndipo ku pulayiveti kuyeza kulikonse kuli ndi mtengo. Jambulani masamba ake ndi foni mukangochoka kuchipatala, pamodzi ndi zotsatira za labu ndi za sikani.

Zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo yachikhristu, monga Nkhoma, Likuni, Mlambe, Nguludi, St Luke's ku Malosa, Mulanje Mission, Ekwendeni ndi Embangweni, zimathandiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala m'dziko muno. Zimalipiritsa, koma mitengo yake nthawi zambiri imakhala pansi pa ya zipatala za pulayiveti za m'tauni, chifukwa malipiro a ogwira ntchito ambiri amachokera ku boma. Chomwe ambiri sadziwa n'choti kuyambira mu 2006 maofesi a zaumoyo a m'maboma amasainirana mgwirizano, womwe amautcha SLA, ndi zipatala zina za CHAM, kuti anthu a m'dera lozungulira alandire chithandizo china mwaulere, makamaka cha uchembere ndi ana obadwa kumene. Mgwirizanowu si wa chipatala chilichonse, ndipo umatha kuimitsidwa boma likachedwa kulipira. Mayi akangoyamba sikelo, funsani mafunso atatu: kodi SLA ilipo panopa, ikukhudza chithandizo chiti, nanga mudzi wathu uli m'dera lake? Funsaninso mimba ikafika mwezi wachisanu ndi chitatu, chifukwa zinthu zimatha kusintha pakati pa mimba.

Ngati simukudziwa ngati vuto n'lofunika ulendo, imbani Chipatala Cha Pa Foni pa 929, nambala yaulere, mulankhule ndi wazaumoyo. Koma mwana wokomoka, wolephera kuyamwa kapena kupuma, mayi woyembekezera yemwe akutaya magazi, munthu wopweteka pachifuwa kapena wofa mbali imodzi, ameneyo musamuimbire foni kapena kuwerengera mtengo. Pitani ku chipatala chomwe chili pafupi.

Mankhwala

Apa ndi pomwe banja lingapulumutse ndalama mwezi uliwonse. Mankhwala aliwonse ali ndi maina awiri: la kampani, lolembedwa zilembo zikuluzikulu, ndi la mankhwala enieniwo, lolembedwa pansi pake. Panado ndi paracetamol, Brufen ndi ibuprofen, Glucophage ndi metformin, Norvasc ndi amlodipine, Coartem ndi LA yemweyo wa kuchipatala cha boma. Pemphani dokotala alembe dzina la mankhwala enieniwo, mphamvu yake mu mg ndi masiku omwera. Ndi pepala limenelo funsani mitengo m'mafamase awiri kapena atatu, ndipo nenani kuti mukufuna otsika mtengo omwe ali ndi mankhwala ndi mphamvu yofanana. Simukakamizidwa kugula pa famase ya chipatala chomwe mwaonedwera.

Gulani pa famase kapena sitolo ya mankhwala yomwe ili ndi chiphaso cha PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno. Mapiritsi a pamsika, oyanikidwa padzuwa komanso ogulitsidwa awiriawiri, amaoneka otchipa koma amalipiritsa kawiri: matenda sachoka, kenako mumakagona m'chipatala. Mukaona mankhwala olembedwa MG akugulitsidwa, amenewo ndi a boma, abedwa kwa odwala anzanu.

Kudukiza mankhwala ndi njira ina yotayira ndalama. Munthu wamkulu wodwala malungo amamwa mapiritsi 24 a LA: anayi kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndipo ulendo wachiwiri amamwa patapita maola 8 kuchokera pa woyamba. Amamwera pa chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka kuti alowe bwino m'thupi. Wosiya pa tsiku lachiwiri kuti otsalawo asungire mwana, malungo amamubwerera, ndipo mwanayo adzapatsidwa mlingo wosayenera thupi lake. Musagulenso LA musanayezetse. Kutentha thupi si malungo nthawi zonse, ndipo kuyeza kwa pachala kumatenga mphindi 15 mpaka 20 zokha.

Odwala bipi ndi shuga ndiwo amavulala kwambiri ndi kudukizaku, chifukwa akasiya mankhwala samva ululu uliwonse mpaka tsiku la sitiroko kapena la impso. Piritsi limodzi la bipi, monga amlodipine kapena HCTZ, patsiku ndi lotchipa kutalitali poyerekeza ndi sabata imodzi m'wodi. Lembetsani ku kiliniki ya boma ngakhale muli ndi ndalama, ndipo mwezi womwe mankhwala atha kumeneko, gulani ku famase pogwiritsa ntchito buku lomwelo. Ngati matenda akhazikika, pemphani a miyezi iwiri kapena itatu kuti muchepetse maulendo. Musasinthe mlingo nokha pofuna kuti botolo lifike kumapeto a mwezi.

Sikimu: werengani musanasaine

Sikimu yodziwika kwambiri ndi MASM, yomwe ili ndi magawo monga Econoplan, Executive ndi VIP, koma palinso ena monga MedHealth. Onse amagwira ntchito mofanana: mumalipira mwezi uliwonse pa munthu aliyense, iwo n'kumalipira gawo la bilu yanu motsatira malamulo awo. Madandaulo ambiri amabwera chifukwa munthu analowa akuganiza kuti khadi likalipira chilichonse.

Choyamba kumvetsa ndi shortfall, ndalama yomwe mumaonjezera nokha. Sikimu ili ndi mitengo yake yomwe imavomereza, chipatala chilinso ndi yake, ndipo ziwirizi sizifanana. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Chipatala chikulipiritsa K30,000 kuonana ndi dokotala. Sikimu imazindikira K20,000 yokha pa ntchito imeneyo, ndipo pa gawo lanu imalipira 80 peresenti. Ndiye kuti ipereka K16,000, inu mupereka K14,000, pafupifupi theka la bilu, ngakhale kapepala kotsatsa kanalemba 80 peresenti. Choncho funso loyenera si lakuti "mumalipira maperesenti angati", koma "maperesentiwo ndi a mtengo wanu kapena wa chipatala?" Kenako pitani ku chipatala chomwe mumakonda mukafunse kuti anthu a sikimu imeneyo amaonjezera zingati pa kuonana ndi dokotala, pa labu ndi pa kugona usiku umodzi. A pakauntala amadziwa bwino kuposa wotsatsa.

Chachiwiri ndi malire a pachaka. Pamakhala malire a ndalama zonse, koma mkati mwake mumakhalanso timalire ta mankhwala, mano, magalasi, sikani, uchembere ndi matenda a mgonagona. Ka mankhwala ndi komwe kamatha msanga. Banja lomwe limathamangira ku kiliniki ndi chimfine chilichonse limapezeka kuti pofika pakati pa chaka latha gawo lake, ndiye mankhwala a bambo a shuga n'kumagula ndi ndalama ya m'thumba. Funsani ngati malirewo ndi a munthu mmodzi kapena a banja lonse, komanso mwezi womwe chaka cha sikimu chimayambira.

Chachitatu ndi nthawi yodikira. Mukalowa kumene mumalipira kwa miyezi ingapo musanayambe kugwiritsa ntchito khadi, ndipo pa uchembere, maopaleshoni okonzekera, magalasi ndi matenda omwe munali nawo kale, nthawiyi imatalikirapo, mwina kufika chaka kapena kuposa. Mayi wolowa sikimu ali kale ndi pakati asayembekezere kuti imulipirira pobereka. Pemphani kuti nthawi zonsezi akulembereni. Ndipo pa fomu nenani zoona za matenda anu. Kubisa bipi kapena shuga kumaoneka kwanzeru tsiku lolembetsa, koma dokotala akadzalemba kuti vutoli ndi la zaka zisanu, sikimu ili ndi chifukwa chokanira bilu yonse ndi kukuchotsani.

Chachinayi ndi chilolezo. Kugonekedwa, opaleshoni, CT sikani, MRI ndi kuonana ndi dokotala wamkulu wa matenda ena kawirikawiri zimafuna kuti sikimu ivomereze kaye, ndipo zina zimafuna kalata yochokera kwa dokotala woyamba. Musangokhulupirira mawu oti "tatumiza kale". Funsani nambala ya chilolezocho, ndalama yomwe avomereza ndi masiku omwe avomereza. Masiku akaonjezereka, chilolezo chiyenera kuonjezeredwanso. Pa ngozi mumalandira chithandizo kaye, koma wachibale adziwitse sikimu mwamsanga chifukwa pamakhala malire a maola kapena masiku ochitira zimenezi.

Za kutumizidwa kunja, monga ku India kapena ku South Africa, werengani mzere ndi mzere. Si gawo lililonse lomwe limalipira, ndipo lomwe limalipiralo mwina limangolipira chipatala, kusiya tikiti ya ndege, malo ogona ndi za gadiyani. Funsaninso zaka: msinkhu womwe salandiranso olowa kumene, ndi msinkhu womwe mwana amachotsedwa pa khadi la makolo ngati palibe kalata ya kusukulu.

Tsopano werengerani ngati sikimuyo ikukuyenerani. Tengani ndalama ya pamwezi, chulukitsani ndi chiwerengero cha anthu, kenako ndi 12. Mwachitsanzo chabe, anthu asanu pa K40,000 aliyense ndi K200,000 pamwezi, K2,400,000 pachaka, shortfall isanalowepo. Yerekezani ndi malisiti a chaka chatha. Mabanja ambiri athanzi apeza kuti akadalipira okha akadawononga zochepa, koma zimenezi sizikutanthauza kuti sikimu ndi yachabe. Phindu lake lili pa bilu imodzi yaikulu, ya opaleshoni kapena ya masiku ambiri m'wodi, yomwe ingakugulitsitseni puloti. Choncho poyerekeza magawo, yang'anani kwambiri malire a kugonekedwa ndi a opaleshoni, osati a magalasi. Ngati ndalama sizikukwanira onse, kuli bwino kukhala pa gawo lotsika lomwe mungalipire miyezi 12 mosadukiza kusiyana ndi lapamwamba lomwe mulisiya mu February ndalama za fizi ndi feteleza zikakumana. Mukadumpha mwezi khadi limatsekedwa, ndipo mukadumpha yambiri mungayambirenso nthawi yodikira.

Omwe ali pa sikimu ya kuntchito awone zinthu ziwiri. Kudulidwa pa pepala la malipiro si umboni woti ndalama yafika ku sikimu. Mabwana ena amadula koma amachedwa kutumiza, wantchito n'kudzadziwira pakauntala mwana ali m'manja. Imbani ku sikimu miyezi itatu iliyonse mufunse ngati khadi lili lotsegula ndi ndalama zomwe zatsala. Chachiwiri, ntchito ikatha khadi limathanso. Musanachoke, funsani ngati mungapitirize panokha popanda kuyambiranso kudikira, ndipo chitani zimenezi mwezi womwewo.

Khadi lanu musabwereke m'bale. Kupatula kuti ndi chinyengo chomwe chingakuchotsetseni, matenda ake amalembedwa pa dzina lanu, ndipo tsiku lina mudzapatsidwa chithandizo motengera mbiri ya munthu wina.

Ku pulayiveti popanda sikimu

Pa opaleshoni yokonzekera kapena kubereka, pemphani mtengo wolembedwa papepala musanapereke dipoziti. Pepalalo lionetse padera ndalama ya dokotala wochita opaleshoni, ya wogonetsa, ya chipinda cha opaleshoni, ya bedi pausiku, mankhwala, labu ndi magazi. Mtengo wonenedwa pakamwa nthawi zambiri umakhala wa dokotala yekha. Kwa mayi woyembekezera funsani mitengo iwiri, wobereka bwinobwino ndi wa opaleshoni, komanso wa mwana akafuna chipinda cha ana odwala, chifukwa apo ndi pomwe bilu imadumpha. Funsaninso kuti zikavuta usiku amatumiza kuti, ndipo ambulansi amalipira ndani. Tengani pepala lomwelo mukayerekeze ndi chipatala cha mishoni ndi wodi yolipira ya chipatala chachikulu cha boma.

Dokotala akalemba zoyeza zambiri, muuzeni poyera ndalama zomwe muli nazo, n'kufunsa kuti, "Adokotala, pa zimenezi chofunika lero ndi chiti, nanga ndi chiti chingadikire kapena kukayezedwa ku boma?" Dokotala wabwino sakwiya ndi funso limeneli, ndipo limamuthandiza kukonza chithandizo chomwe mungathe kumaliza.

Wodwala akagonekedwa, gadiyani akhale ndi kope lolembamo madilipi, majakisoni ndi zoyeza za tsiku lililonse, ndipo azipempha bilu ya pomwe zafika tsiku ndi tsiku. Potuluka pemphani bilu yosonyeza chinthu chilichonse pachokha. Zolakwika zomwe zimapezeka kawirikawiri ndi mankhwala omwe analembedwa koma sanaperekedwe, chinthu cholembedwa kawiri, ndi tsiku loonjezera chifukwa munatuluka ola lowerengera tsiku latsopano litadutsa. Funsani ola limenelo tsiku lolowa. Mukaona kuti ndalama zikutha, musadikire kuti ngongole ikule: pemphani kalata yotumizira ku chipatala cha boma wodwala akangokhala kuti angathe kusamutsidwa, ndipo kambiranani ndi a zachuma za kulipira pang'onopang'ono, zolembedwa ndi kusainidwa. Ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti.

Ku chipatala cha boma, wina akakupemphani ndalama ya bedi, ya magazi kapena yoti mudumphe mzere wa opaleshoni kunja kwa mbali yolipira, popanda lisiti la boma, chimenecho ndi chiphuphu. Kanenani kwa ombudsman (wolandira madandaulo) wa pachipatalapo kapena ku ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Madandaulo okhudza khalidwe la dokotala amapita ku Medical Council of Malawi.

Pamene wolipira ndi wina

Munthu wovulala pantchito, lamulo la Workers' Compensation la 2000 limaika udindo pa womulemba ntchito. Dziwitsani bwana tsiku lomwelo, makamaka polemba, ndipo nkhaniyo ifike ku ofesi ya zantchito ya paboma. Wovulala pa ngozi ya pamsewu akhoza kufuna chipukuta misozi ku inshuwalansi ya galimoto yomwe yalakwa, chifukwa galimoto iliyonse imayenera kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena. Zofunika ndi nambala ya galimoto, lipoti la apolisi, lipoti la dokotala ndi malisiti onse, ngakhale a thiransipoti. Musasaine pepala loti nkhani yatha posinthana ndi ndalama yochepa ya pamsewu musanadziwe kukula kwa kuvulalako. Fupa lomwe silinalumikizike bwino limaoneka patapita masabata.

Ndalama ya matenda

Kaya muli pa sikimu kapena ayi, khalani ndi ndalama yapadera ya matenda yomwe siisakanikirana ndi ya ndiwo. Poyambira pabwino ndi yokwanira galimoto yahayala usiku kupita ku chipatala cha paboma, mankhwala a mwezi umodzi a wodwala mgonagona wa m'nyumbamo, ndi chakudya cha gadiyani cha sabata imodzi. Isungeni pa Airtel Money kapena Mpamba, pa nambala yomwe anthu awiri a m'banjamo angathe kuifikira, chifukwa wodwalayo akhoza kukhala mwini foni. A banki mkhonde aone malamulo a thumba la zadzidzidzi: ndani amathandizidwa, ndi zingati, ndipo ndalama imatuluka tsiku lomwelo kapena mpaka tsiku la msonkhano. Gulu lomwe limadikira msonkhano silithandiza mayi yemwe matenda amuyamba Loweruka usiku, ndiye gwirizanani kuti osunga makiyi atatu angathe kutulutsa ndalamayo pomwepo. Katapila ikhale yomaliza, pakuti wobwereka K100,000 nthawi zambiri amabweza K150,000 pakutha pa mwezi, ndipo akalephera chiwongoladzanjacho chimaberekanso.

Abale omwe ali ku Joni kapena ku UK ndipo amalipirira makolo kumudzi, ndi bwino kulipira mwachindunji ku chipatala, ku famase kapena ku sikimu, n'kulandira chithunzi cha lisiti, m'malo motumiza ndalama zambiri tsiku lomwe foni yalira. Gawanani ntchito matenda asanabwere: wina mankhwala a pamwezi, wina thiransipoti, wina wosunga buku la kuchipatala ndi malisiti, ndipo pakhale munthu mmodzi yekha wolankhula ndi a zachuma pachipatala.